GITALA YONG'UNG'UZA YOKHA

Munthu ali yense amene anakhalako ku dansi pa Ciweru madzulo, kaya ndi ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Matero, adziwa mau ena amene satuluka m'kamwa mwa woimba ali yense. Nyimbo ikatha, ng'oma zikaleka kulira, ndipo obvina akabwerera ku mipando yao, m'sipika mumatsala kung'ung'uza kosalekeza, konga kwa njuci ziri m'mng'oma. Woimba gitala akatembenukira ku khomo kung'ung'uzako kucepa, koma akayang'ananso kwa anthu kubwera monga kale. Akaika dzanja pa nsambo phokoso lina lizimirira, akacotsa dzanja liyambanso. Ena amaseka nanena kuti gitala yaledzera. Ena amanong'onezana kuti pali wansanje amene waipangira mankhwala.

Palibe mankhwala pamenepo, ndipo gitala siimwa mowa. Phokosoli liri ndi magwero ace odziwika bwino, ndipo amisiri akhala alikulimbana nalo kuyambira pamene gitala ya magetsi inabadwa. Oimba a m'mabandi ndi a m'machalichi, pamodzi ndi onse amene amasonkha ndalama zogulira zoimbira, ayenera kuimva nkhaniyi pa zifukwa ziwiri. Coyamba, phokosoli limaononga nyimbo, makamaka pojambula, pakuti cimene cajambulidwa pamodzi ndi nyimbo cibvuta kucicotsa. Caciwiri ndico cacikuru koposa: njira ina imene anthu osadziwa amathetsera kung'ung'uza iri njira ya imfa.

PIKAPU NDI JENERETA YAING'ONO

Pansi pa nsambo za gitala ya magetsi pali kabokosi kochedwa pikapu. Dzinali silinena galimoto yonyamula katundu ai, koma kanthu kotola mau. M'kati mwace muli zinthu ziwiri zokha: maginito, ndi waya wozengedwa mozungulira maginitowo, ndiye koilo. Wayayo ndi wa mkuwa, citsulo comweco cimene amuna amakumba ku Nkana ndi ku Nchanga, koma wokokedwa kufikira ataonda ngati tsitsi la munthu. M'pikapu imodzi ya gitala ya Fender Stratocaster waya ameneyu amazungulira nthawi pafupi 8,000.

Mu 1831, ku London, Michael Faraday anapeza kuti mphamvu ya maginito ikasinthasintha m'kati mwa koilo, m'koilomo mumabadwa magetsi. Koma ikakhala cete, sipabadwa kanthu. Majenereta onse amayendera lamulo limeneli, ngakhale akuru aja a ku Kariba amene anayamba kutumiza magetsi ku migodi mu 1960. Kumeneko madzi ndiwo azungulitsa maginito. Pa gitala, cala ca woimba ndico cigwira nchitoyo. Nsambo ya citsulo iri pamwamba pa maginito, ndipo ikanjenjemera igwedeza mphamvu ya maginitowo. Nsambo yonenepa koposa zonse imanjenjemera nthawi 82 pa sekondi imodzi, ndipo magetsi obadwa m'koilo amapita uku ndi uko nthawi 82 zomwezo. Ndico cifukwa cace nsambo za nailoni sizimveka pa pikapu yotere. Pikapu siri khutu lakumva mau a mumpweya. Imamva kusintha kwa mphamvu ya maginito basi.

George Beauchamp wa ku Los Angeles anapanga gitala yotere mu 1931, ndipo iye ndi Adolph Rickenbacker anayamba kuigulitsa mu 1932. Anthu anaicha Frying Pan pakuti inali kuoneka ngati ciwaya ca mpini wautali. Mu 1936 kampani ya Gibson inatulutsa ES-150, imene Charlie Christian anaichukitsa, ndipo mu 1950 Leo Fender anayamba kugulitsa gitala ya thabwa lopanda mphako. Magitala onsewa anali ndi mapikapu a koilo imodzi, ndipo onse anali kung'ung'uza.

KOILO SIDZIWA KUSANKHA

Bvuto lagona apa: koilo sifunsa kuti mphamvu ya maginito yacokera kuti. Kaya yagwedezeka ndi nsambo, kaya yacokera ku cinthu cina m'nyumbamo, koilo ilandira zonse, monga khoka limene likola nsomba pamodzi ndi acule.

Magetsi a m'nyumba za m'Zambia ndi a mavolti 230, ndipo sayenda njira imodzi ngati madzi a mumpopi. Amapita nabwerera, nthawi 50 pa sekondi imodzi. Tsono waya ali yense wonyamula magetsi amakhala ndi mphamvu ya maginito momzungulira, imene ikula ndi kucepa potsata mayendedwe a magetsiwo. Mphamvuyi ndi yocepa pa nthambo wamba ya m'khoma, koma ndi yaikuru pafupi ndi transifoma, pafupi ndi mota ya filiji kapena ya fani, ndi pafupi ndi nyali zazitali za cubu. Ndipo transifoma imene iri pafupi koposa ndi woimba ndi imene iri m'ampulifaya yace yomwe. Mphamvu imeneyi ikapyola m'mizere 8,000 ya waya uja, mubadwa magetsi opita uku ndi uko nthawi 50 pa sekondi, ndipo sipika iwasandutsa mau. Kumeneko ndiko kung'ung'uza. Ku America, kumene magetsi amasintha nthawi 60, gitala yomweyo ing'ung'uza ndi mau okwererako pang'ono.

Akuru akumbukira wailesi ija ya Saucepan, imene inafika m'dziko muno mu 1949. Iyo inali kuthetheka nthawi ya mvula ya mabingu, koma sinali kung'ung'uza, cifukwa inali kuyendera batire, ndipo magetsi a batire amayenda njira imodzi mosabwerera.

Nanga kutembenuka kwa woimba kuthandiza bwanji? Mbale yoikidwa cagada pa mvula idzala msanga, koma yoimikidwa cam'mbali igwira timadontho tocepa. Momwemonso koilo: ikapenyana bwino ndi mphamvu yocokera ku transifoma itola yambiri, ikaima cam'mbali itola yocepa. Ndiponso mphamvuyi imafooka msanga ndithu munthu akatalikira. Woimba amene waima motsamira ampulifaya yace akasendera mapazi awiri kapena atatu adzapeza kuti theka la bvuto lace latha popanda kulipira ngwee. Ndipo amene ali ndi ampulifaya ya ku America, yofuna transifoma yapadera yotsitsa mavolti, aike transifomayo kutali ndi gitala ndi cingwe cace.

NZERU YA MAKOILO AWIRI

M'zaka za m'ma 1950 amisiri awiri a ku America, ali yense payekha, anapanga mapikapu othetsa bvutoli. Wina anali Seth Lover, wa kampani ya Gibson ku Kalamazoo. Wina anali Ray Butts, amene pikapu yace yochedwa Filter'Tron inaikidwa pa magitala a Gretsch. Lover anapempha boma kalata yoteteza nzeru yace mu 1955, ndipo anailandira mu 1959. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1957, Gibson inayamba kuika mapikapu ace pa gitala ya Les Paul. Dzina lace ndi humbucker, ndiko kunena yokankha kung'ung'uza.

Nzeru yace ndi yosabvuta. M'malo mwa koilo imodzi aika awiri moyandikana. Koilo yaciwiri ailumikiza motembenuza, kuti magetsi ace aziyenda mokana a koilo yoyamba. Kung'ung'uza kocokera kunja kufika pa makoilo onse awiri nthawi imodzi ndi mphamvu yofanana. Tsono pakuti imodzi yatembenuzidwa, magetsi a uku ndi a uko akomana nathetsana, monga amuna awiri a mphamvu zofanana okokana cingwe, cimene sicisuntha.

Wina adzafunsa kuti, ngati ziri tero, bwanji mau a nsambo nawo sathetsana? Yankho lace liri pa maginito. Pansi pa koilo yaciwiri mutu wa maginito nawo watembenuzidwa. Kung'ung'uza sikudalira maginito a m'pikapu, motero kwatembenuzidwa kamodzi kokha, ndi koilo. Koma mau a nsambo amabadwa mwa maginitowo, motero atembenuzidwa kawiri: kamodzi ndi maginito, kenanso ndi koilo. Munthu woyenda pa njira akatembenuka kamodzi ayang'ana kumene wacokera. Akatembenukanso ayang'ana kumene analikupita. Cotero mau a nsambo a m'makoilo awiriwa ayenda njira imodzi naphatikana, koma kung'ung'uza kuphana kokha.

Nzeru yomweyi ipezeka m'magitala ena amene saoneka ngati ali ndi humbucker. Kuyambira 1957 gitala ya besi ya Fender Precision iri ndi pikapu yogawika pakati, theka lace lina lotembenuzidwa. Pa magitala ambiri a masiku ano a mtundu wa Stratocaster, pikapu ya pakati ndi yotembenuzidwa, kotero kuti swici ikaikidwa pa malo aciwiri kapena acinai, pamene mapikapu awiri agwira nchito pamodzi, kung'ung'uza kuzimirira.

Komabe palibe cabwino copanda mtengo wace. Humbucker iri ndi mau onenepa ndi olemera, koma itayako kuwala kuja kwa mau okwera kumene koilo imodzi iri nako. Cifukwa cace oimba ambiri kufikira lero amasankha kupirira kung'ung'uza kuti asunge mau owalawo. Sanalakwe, koma adziwe cimene asankha.

PHOKOSO LACIWIRI, LONGA LA MABVU

Pali phokoso lina limene anthu amalisokoneza ndi loyamba lija. Ili ndi lakuthwa, lolasa m'khutu ngati mabvu okwiya, ndipo humbucker yokha siingalithetse, pakuti silibwera ndi mphamvu ya maginito. Limabwera cifukwa mavolti a m'nthambo za m'khoma amakopa timagetsi tating'ono pa waya ali yense wosaphimbika amene ali pafupi, ngakhale zinthuzo sizikhudzana. Nyali za cubu, maswici ocepetsa kuwala kwa nyali, nyali zina za LED ndi zochajira mafoni zochipa ndizo zibala phokoso lotere kwambiri.

Mankhwala ace ndi kuphimba. Cingwe ceni ceni ca gitala ciri ndi waya mmodzi pakati wonyamula mau, ndipo momzungulira muli ukonde wa timawaya ta mkuwa wolumikizidwa ku bokosi la citsulo la ampulifaya, ndi kucokera pamenepo ku nthaka. Phokoso likafika ligwera pa ukondewo nkutsikira pansi, monga mvula itsetsereka pa denga osanyowetsa ali m'nyumba. Cingwe ca sipika, kapena nthambo ya nyali ya mawaya awiri, ciribe ukonde umenewu, ndipo woimba amene acigwiritsa nchito pa gitala wadziitanira mabvu yekha. Momwemonso mphako za m'thabwa la gitala, m'mene muli mawaya ndi zopotokola, zingathe kumatidwa ndi pepala la mkuwa, koma pepalalo liyenera kulumikizidwa ku nthaka. Likapanda kutero lingokhala cokometsera. Kuphimba kotere kuletsa mabvu, koma sikuletsa njuci zija, pakuti mphamvu ya maginito ipyola pepala la mkuwa ngati palibe kanthu.

Apa mpamene pali yankho la cinsinsi ca dzanja. Thupi la munthu liri ndi madzi ndi mcere wambiri, ndipo limatola phokoso la m'nyumba monga mlongoti wa wailesi, nkulipereka ku mawaya a gitala imene yatsamira pa mimba pace. Opanga magitala amaika kawaya kobisika kocokera pa citsulo cogwira nsambo kupita ku nthaka. Woimba akakhudza nsambo, thupi lace lalumikizidwa ku nthaka, ndipo phokoso lija litsikira pansi. Womvera asaiwale mfundo imeneyi, pakuti ibweranso kumapeto: dzanja la woimba gitala ya magetsi liri lolumikizidwa ndi waya ku bokosi la ampulifaya.

PA KHOMO LA AMPULIFAYA

Magetsi ocokera m'pikapu ndi ofooka zedi, kawiri kawiri pafupi gawo limodzi mwa magawo 10 a volti imodzi, pamene sipika yodzaza holo ifuna mavolti 10 kapena 20. Nchito ya ampulifaya ndiyo kuwakuza nthawi mazana, ndipo imacita zimenezi mwa masitepe, valavu ina kupatsira inzace. Valavu yodziwika koposa pa sitepe loyamba ndi 12AX7, imene ku Ulaya amaicha ECC83. Sitepe loyambali ndilo lofunika kulisamala koposa onse, pakuti phokoso lolowa pamenepo likuzidwa ndi masitepe onse otsatira. Munthu akabvundula mtsinje kumunsi aipitsa madzi a mudzi umodzi. Akabvundula pa gwero aipitsa a midzi yonse.

Pakuti pikapu ndi yofooka, khomo la ampulifaya analipanga lopepuka, kuti dzanja lopanda mphamvu lithe kulitsegula. Amisiri amatero poika resistor yaikuru, ya ma ohm 1,000,000, pakati pa khomolo ndi nthaka. Koma citseko copepuka cimatsegukanso ndi mphepo. Ndico cifukwa cace munthu akakhudza nsonga ya cingwe colowa m'ampulifaya sipika ibangula koopsa, ndipo ndico cifukwa cace jaki yabwino imadzitseka yokha, kulumikiza khomo ku nthaka, cingwe cikazulidwa.

Pambuyo pa jaki, m'maampulifaya ambiri otsata mapangidwe a Fender, muli resistor ina ya ma ohm 68,000. Imodzi mwa nchito zace ikhudza omvera wailesi: pamodzi ndi valavu, imaletsa mafunde a wailesi kulowa. Cingwe ca gitala cingathe kusanduka mlongoti, ndipo pamene cinjirizo limeneli lisowa, kapena pamene ukonde wa cingwe waduka, anthu amadabwa kumva wowerenga nkhani alikulankhula m'sipika ya bandi. Foni ya m'manja yoikidwa pamwamba pa ampulifaya nayo imalowetsa kugogoda kwace mwa njira yomweyo.

M'kati mwa ampulifaya momwemo mulinso magwero ena. Valavu imafuna kutenthedwa, ndipo kawaya koitenthetsa kamadya magetsi a mavolti 6.3 opita uku ndi uko nthawi 50. Mmisiri wabwino amapota mawaya awiri a magetsi amenewa ngati cingwe ca khonje, kuti mphamvu zao za maginito zithetsane monga m'humbucker muja, nawapititsa kutali ndi khomo. Ndiponso muli makondensa akuru amene nchito yao ndi kusalaza magetsi, monga damu lisunga madzi nkuwatulutsa mofatsa. Makondensa amenewa amauma akakalamba, ndipo pamenepo pabwera kung'ung'uza kwa nthawi 100 pa sekondi. Woimba wa khutu labwino angathe kusiyanitsa mitundu iwiriyi: kwa nthawi 100 kuli pafupi ndi mau a nsambo yonenepa ya gitala yopanidwa pa fureti yacitatu, pamene kwa nthawi 50 kuli pafupi ndi mau a malo omwewo pa gitala ya besi.

Kwatsala phokoso limodzi limene palibe mmisiri angalithetse konse. Ndilo lija lomveka ngati mvula yowaza pa malata. Mu 1928 John B. Johnson ndi Harry Nyquist a ku Bell Laboratories anafotokoza kuti resistor iri yonse imatulutsa phokoso cifukwa ca kutentha kokha, pakuti timagetsi ta m'kati mwace sitikhala cete. Resistor ija ya ma ohm 68,000 imatulutsa pafupi magawo 5 mwa magawo 1,000,000 a volti imodzi. Ndi kanthu kakang'ono, koma kali pa gwero. Mabandi a Zamrock a zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, anachuka ndi mau a fuzz, kabokosi kamene kamakuza magetsi a gitala kopitirira muyeso kufikira mau asweka nakalipa. Kabokosi kotere sikasankha cokuza: kakuza nsambo, njuci, mabvu ndi mvula yomwe. Walira mvula walira matope. Woimba wanzeru amatseka copotokola ca pa gitala yace nyimbo ikatha, kapena agula kacipangizo kochedwa noise gate, kamene kamatseka khomo pamene nsambo ziri cete.

KUFUNAFUNA GWERO

Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu asathamangire kugula zatsopano asanadziwe pamene pali nthenda, pakuti angathe kuipeza ndi makutu ace, osamasula ngakhale sikuruwu imodzi.

Ayambe wazula cingwe ca gitala pa ampulifaya. Mukakhala bata, ampulifaya iribe mlandu. Kung'ung'uza kukapitirira ngakhale copotokola ca mau ciri pa ziro, kawiri kawiri mlandu uli pa makondensa kapena mavalavu a kumapeto. Kukamakula potsegula copotokolaco, uli pa sitepe loyamba. Zonse ziwirizi ndi nchito za mmisiri.

Ndipo abwezere cingwe ndi gitala, koma atseke copotokola ca pa gitala. Phokoso likatsala, kapena kukamveka kuthetheka pogwedeza cingwe, ayese cingwe cina. Zingwe ndizo zimaonongeka msanga koposa zonse, cifukwa zimapondedwa ndi kukokedwa usiku uli wonse.

Atatero atsegule gitala, nazungulire pang'ono pang'ono pamene waima, ndiponso asendere kutali ndi ampulifaya. Phokoso likasintha, ndi la mphamvu ya maginito, ndipo mankhwala ace ndi malo ena oimapo kapena humbucker. Pamenepo azime nyali, filiji ndi zochajira cimodzi cimodzi, kufikira wopalamula adziulula.

Potsiriza akhudze nsambo. Phokoso likacepa, gitala iri bwino, ingofuna kuphimbidwa. Likapanda kusintha, koma nkucepa pokhudza citsulo ca jaki, ndiye kuti kawaya kobisika kaja kaduka. Likakula, mwina mawaya a pa jaki anasinthanitsidwa. Koma ngati zala zimva kunyerenyesa, kapena mlomo ulumidwa pokhudza maikolofoni, nyimbo ithere pomwepo, azime magetsi pa khoma, ndipo asayatsenso kufikira mmisiri wa magetsi ataona.

CIMENE SICIYENERA KUCITIKA KONSE

Pulagi iri ndi mano atatu. Lalitali la pamwamba ndilo la earth, ndipo waya wace, wobiriwira ndi wacikasu, alumikiza bokosi la citsulo la ampulifaya ku nthaka. Masiku onse waya ameneyu aoneka ngati alibe nchito. Koma tsiku limene waya wamoto akhudza bokosi m'kati, iye ndiye atenga magetsiwo kuwaponya pansi, fyuzi nkupsa, munthu nkupulumuka.

Tsono pali kung'ung'uza kwina kumene kubwera pamene zipangizo ziwiri, monga ampulifaya ya gitala ndi makina osakanizira mau a bandi yonse, zalowetsedwa m'masoketi awiri otalikirana, ndiponso zalumikizana ndi cingwe ca mau. Pamenepo njira za ku nthaka zakhala ziwiri, zapanga mkombero, ndipo timagetsi tozungulira m'mkomberomo timveka m'sipika. Anthu ena anazindikira kuti akadula waya wa earth, kapena akathyola dzino lalitali la pulagi, kung'ung'uzako kuleka. Nzoona kuleka, koma munthuyo wacita ngati wogwetsa mpanda cifukwa citseko cace cimalira. Dzanja la woimba liri lolumikizidwa ku bokosi la ampulifaya. Bokosilo likagwidwa ndi moto wa mavolti 230 popanda njira ya ku nthaka, magetsiwo adikira pa nsambo, ndipo woimba akakhudza maikolofoni, kapena akaima wopanda nsapato pa simenti yonyowa, njira ya ku nthaka ikhala thupi lace, kupyola pa mtima. Manja a thukuta ndiwo aipitsa zinthu koposa, ndipo magetsi otere amaumitsa zala kotero kuti munthu alephera kutaya cimene wagwira.

Izi sizongoopsa nazo anthu ai. Mu 1972, ku Swansea m'dziko la Wales, Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa bwalo loimbira atakhudza maikolofoni. Anali wa zaka 27. Mu 1976 Keith Relf, amene anali woimba wa gulu la Yardbirds, anafa ndi magetsi m'nyumba mwace alikuimba gitala; anali wa zaka 33.

Njira zabwino ziripo. Zipangizo zonse za bandi zidye magetsi pa soketi imodzi ya earth yabwino, ngati soketiyo ingathe kuzisenza. Ngati mkombero uja ukalipo, audule pa cingwe ca mau, ndi kabokosi kochedwa DI box kapena ndi transifoma yaing'ono yolekanitsa, osati pa nthambo ya magetsi. Amene aimbira pa jenereta magetsi akazima aonetsetse kuti mmisiri waiika bwino ndi earth yace. Ndipo bandi iri yonse iyenera kuyenda ndi kacipangizo kochedwa earth leakage, kamene kamadula magetsi m'kuphethira kwa diso pamene magawo 30 okha mwa magawo 1,000 a ampere imodzi asocera njira. Anthu a m'migodi ali ndi cifukwa cokanyadira, pakuti mmodzi mwa oyamba kupanga kacipangizo kotere, Henri Rubin, anakapanga m'zaka za m'ma 1950 pofuna kucinjiriza anthu a ku migodi ya golide ya ku South Africa. Cinanso, munthu wosaphunzira nchitoyi asapise dzanja m'ampulifaya ya mavalavu ngakhale yazimidwa, pakuti makondensa ace angathe kusunga mavolti 400 kapena kuposerapo pulagi itazulidwa kale.

Wa pa mgodi sacotsa mtengo wocirikiza denga cifukwa umpinga poyenda, ndipo satseka khutu mwala ukayamba kulira pamwamba pace. Woimba gitala atengere nzeru yomweyo. Gitala ya koilo imodzi ikang'ung'uza pang'ono pakati pa nyimbo ziwiri, palibe coopsa. Wasendera pang'ono, watembenuka, watseka copotokola, dansi ipitirira. Koma wina akabwera ndi mpeni nanena kuti adziwa waya mmodzi wongodula kuti phokoso lithe, mwini bandi amuthokoze mwaulemu, alande mpeniwo, naitane mmisiri.